Tsiku Limene Mbiya Zidaphulika kwa Mphanda

Pali mwambi umene akulu amauza munthu akangosenzetsedwa udindo. Ndiutchula kumapeto. Poyamba imvani kumene ena amati udachokera.

Kalekale, m'tsinde mwa phiri lina mudali mudzi wa Mphanda, wotchuka ndi kuumba mbiya. Mkulu wa amayi oumba adali a Nakwenda. Iwo ndiwo ankanena tsiku lokakumba dongo ku mtapo, iwonso ndiwo ankanena tsiku lootcha. Pofuna kudziwa ngati mbiya yauma, ankaigunditsa tsaya lawo. Ikamveka yozizira, ndiye kuti madzi akadalimo, ndipo mbiya yotere imaphulika pamoto. Chiyambire, moto wa a Nakwenda udali usanaswepo mbiya, mwakuti anthu ankati tsaya lawo silinama. Pang'ono ndi pang'ono, eni akewo adayamba kukhulupirira zomwezo.

Chaka china mvula idadula msanga, nkhokwe zidatsala pang'ono kugona pansi. Chiyembekezo cha mudzi wonse chidali pa mbiya, kuti akasinthanitse ndi mapira kutsidya kwa mtsinje. Amayi adaumba mitsuko ndi miphika yambiri, ndipo a Nakwenda adatchula tsiku lootcha mofulumira, poopa kuti oumba a midzi ina angawatsogolere.

M'mawa wa tsikulo, makungwa ndi nkhuni zitaunjikidwa kale, a Nakwenda adawerama n'kugunditsa tsaya pa mtsuko waukulu. Udali wozizira. Adayesa wina, chimodzimodzi. Atadzuka adaona amayi onse akuwayang'ana, ana owonda atakhala chapatali kudikira. Kubweza mawu awo pamaso pa anthu amene ankati iwo salakwa kudawaopsa kuposa motowo. Adadziuza kuti n'kuzizira kwa m'mawa chabe, n'kulamula kuti ayatse.

Moto utangokolera, kudamveka phu! Kenaka phu, phu, mapale akuuluka ngati mbalame zodzidzimuka. Amayi adathawa atagwira mitu. Utsi utatha, padatsala miphika yochepa yokha, ina yong'aluka.

Tsono kudali mwambo wakuti mayi woumba azidika, osakhalira pamodzi ndi mwamuna wake kufikira mbiya zitapsa. Woswa mwambowu ankamutcha wotentha, ndipo ankati akayandikira pamoto mbiya zimasweka. Choncho anthu sadafunse kuti chalakwika n'chiyani, adafunsa kuti walakwa ndani. Maso adagwera Mwatitha, mtengwa wongofika kumene, wopanda mbale m'mudzimo. Wina adakumbutsa kuti mwamuna wake adali atangobwera kuchokera ku ulendo. Wina adati anthu a kwawo sadziwa mwambo.

Tisafulumire kuwaweruza anthuwa. Sadali ankhanza chibadwire, adali ndi njala ndi mantha. Kamchacha, bambo amene mkazi wake adataya mitsuko yonse, adali ndi ana odwala m'nyumba. Iye ndiye adayamba kunena kuti mtsikanayo amwe mwavi, chakumwa chaululu chija chimene ankayesera anthu oganiziridwa. Aliyense ankadziwa kuti ambiri omwa mwavi sadzukanso.

A Nakwenda adali pomwepo, akumva zonsezi. Mwambowo sankaunyoza, nawonso ankausunga, ndipo sakadalumbira kuti Mwatitha adausunga. Koma chimenecho adali kungochiganizira. Chimene ankachidziwa ndithu chidali kuzizira kuja, kumene kudali kusanachokebe patsaya pawo. Akalankhula, mkwiyo wonsewo utembenukira iwo, mwina ndi mwavi womwe. Akakhala chete, dzina lawo likhala loyera, mwana wa eni n'kupita. Pamenepo adadziona bwino kwa nthawi yoyamba: zaka zonsezi ankakonda ulemu wa ukulu, koma kulemera kwake adali asanakusenzepo.

Mwatitha, atazingidwa, sadalire. Adangoyang'ana a Nakwenda n'kunena motsitsa, "Amayi, inu ndinu mudandiphunzitsa. Nenani inu."

Kamchacha adamva ngati mtsikanayo akuchita mwano. Adamuyandikira atakunga nkhonya. A Nakwenda sadadziwe kuti miyendo yawo yayenda liti, adangopezeka ali pakati. Nkhonyayo adaiona ikubwera, koma sadasunthe mutu. Idawapeza pamwamba pa khutu, ndipo adagwera pa mapale otentha.

Kumenya mayi wamkulu chidali chinthu chosaonekapo, ndipo Kamchacha adabwerera m'mbuyo akuyang'ana dzanja lake. A Nakwenda adadzuka pang'onopang'ono, magazi akutsika m'khosi.

"Mbiya zidali zisanaume," adatero. "Ndidamva ndekha ndi tsaya langali, koma ndidaopa kubweza mawu anga. Ngati pali mwavi, mundipatse ine. Mwanayu mumusiye."

Mwavi sudabwere, pakuti wovomera yekha samuyesa. Koma musaganize kuti adawaombera m'manja. Njala idaluma chaka chimenecho, anthu adadya mizu, ndipo amayi ena adatha miyezi osawapatsa moni a Nakwenda. Ena mpaka lero amati kudali bwino akadalankhula moto usanayake, ndipo akunena zoona.

Madzulo a tsiku lootcha lija mlamu wawo, a Nanthondo, akuwathowa bala ndi madzi ofunda, adawaseka kuti, "Koma inu alamu, nkhonya kuiona ikubwera osailewa? Kapena ndi ukalamba?"

"Ndikadalewa ikadagwera yani?" adayankha a Nakwenda. "Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Dongo litaumbidwanso, a Nakwenda sadayesenso okha. Mayi aliyense ankagunditsa tsaya lake, ndipo moto sunkayaka kufikira onse atavomera. Tsiku lina Mwatitha ndiye adati mtsuko wina ukadali wozizira. A Nakwenda adayesa, adagwedeza mutu movomereza, n'kuuza amayi kuti abweze makungwa.

Ndiwo mwambiwo: mutu ukakula sulewa nkhonya. Sutanthauza kuti wamkulu azimenyedwa, kapena kuti mlandu uliwonse ndi wake. Utanthauza kuti ukakhala patsogolo, mavuto a anthu ako amayamba kufika pa iwe, ndipo mwa mavutowo ena udawaitana wekha. Mantha adzakuuza kuti uwerame. Usanawerame, cheuka uone amene waima kumbuyo kwako.