Zipinda Ziwiri za a Kambalame ku Kyoto

Ana okondedwa, pali mawu amene anthu a kwathu ku Mvera amanena akaona munthu akulonjeza uku ndi uku. Ena amati mawuwo ndi akale kuposa makolo athu, ndipo ine sindikangana nawo. Koma m'dera lathu, mukafunsa kumene anachokera, adzakusimbirani za ulendo wa a Yesaya Kambalame.

A Kambalame anali mmisiri wa matabwa, ndiponso mkulu wa mpingo. Anali munthu wofatsa ndi woopa Mulungu, koma anali ndi chofooka chimodzi: liwu lakuti "ayi" linkawalemera pakamwa ngati chipika cha mlombwa. Akazi awo anali a Nambewe, mayi wolimba mtima koma wa maondo otupa. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, dzina lake Lonjezo. Iyeyu anachita bwino pa maphunziro mpaka anapita ku Japan, mumzinda wakale wa Kyoto, kukaphunzira za ulimi wa mpunga. Mumzinda womwewo munkakhalanso Sungeni, mwana wa mlongo wawo wa a Kambalame, amene ankaphunzitsa ana Chingerezi. Asuweni awiriwa sankayenderana. Chiyambire ubwana wawo ankalimbirana malo mumtima mwa mkuluyo, ndipo kukula sikunathetse mpikisanowo.

Zitatha zaka zinayi, Lonjezo anaitana makolo ake ku mwambo wolandira digiri. A Nambewe anangonena chinthu chimodzi: "Ine za ku Japan sindikuzifuna. Ndikufuna ndikamve ndi makutu angawa dzina la mwana wanga likuitanidwa, ndimuone akuimirira. Kenako Ambuye anditenge tsiku limene afuna."

Kutatsala mwezi umodzi, foni inalira. Anali Lonjezo.

"Ababa, ndakusungitsirani chipinda kum'mawa kwa mzinda, m'mbali mwa phiri, dera lotchedwa Higashiyama. Kumeneko n'kwa nyumba zakale zamatabwa, kwabata, tinjira tamiyala. Zina anazilumikiza popanda msomali ndi umodzi womwe. Inu mukakaziona mukaiwala ndi kudya komwe."

"Popanda msomali?" anatero a Kambalame, maso ali gwa. "Tikagona komweko, mwana wanga."

Sipanathe masiku atatu, Sungeni naye anaimba.

"Atsibweni, ndamva kuti wophunzira wanu uja akufuna kukukwezani phiri. Azakhali akakwera ndi maondo ati? Kumeneko alendo amagona pansi, podzuka mpaka kugwira khoma. Ine ndasungitsa chipinda pafupi ndi siteshoni ya sitima. Phokoso lilipo, sindikubisirani, koma njira n'zosalala, bedi n'lalitali, ndipo pali chikepe chokwezera anthu. Komanso inu ndinu mwini mbumba. Mukapanda kufikira m'manja mwanga, amayi akamva bwanji?"

"Wanena zoona, mphwanga. Tikagona komweko."

A Nambewe, amene ankasenda mtedza pakhonde, anaika lichero pansi.

"Kodi abambo, tili ndi matupi angati?"

"Watanthauzanji, Nambewe?"

"Kuphiri mwavomera, kusiteshoni mwavomera. Mukagona mutu uku, miyendo uko?"

"Tikaona konko. Mulungu adzatsogolera."

"Mulungu anatsogolera kale pokupatsani pakamwa. Imbirani mmodzi mumuuze."

A Kambalame anausa moyo. "Ndikakana Lonjezo, ndakana mwana wobala ndekha pa tsiku lake lalikulu. Ndikakana Sungeni, ndanyoza mlongo wanga ndi mbumba yonse. Undiuze wekha, ndisankhe ndani?"

"Sankhani maondo anga," anatero a Nambewe, natolanso lichero lawo.

Koma mkuluyo sanaimbe. Tsiku lililonse ankati mawa, ndipo mawalo linkabereka mawa linzake.

Tsono mawu alibe mpanda. Lamulungu lina, atatuluka m'mapemphero, a Kambalame anasimbira akulu anzawo za nyumba zopanda msomali zimene akagonemo. Mlongo wawo anamva, nauza Sungeni pafoni. Sabata yomweyo a Nambewe, pocheza ndi mwana wawo, anatchula kuti bambo ake analonjeza za kusiteshoni. Ana onse awiri zinawapweteka. Koma mwana woleredwa bwino safunsa mkulu kuti, "Bwanji munandinamiza?" Choncho aliyense anameza mawu ake, nabweza chipinda chimene anasungitsa, poganiza kuti mnzakeyo ndiye wapambana, ndipo ndiye akalandire alendowo ku bwalo la ndege.

Kunali kumapeto kwa Malichi, nyengo imene mitengo ya mumzindawo imachita maluwa otuwa, ndipo anthu amakhamukirako kuchokera ku maiko onse kudzawaona. Chipinda chikabwezedwa m'mawa, pofika masana chimakhala chili ndi mwini wina.

Ulendo unatenga masiku awiri ndi ndege zitatu. Pamene ankatera, mapazi a a Nambewe anali atatupa kotero kuti nsapato anazivala mopondera kumbuyo. Anaima pa khomo lotulukira alendo mpaka anzawo onse a m'ndege anatha. Sanaone nkhope ya Lonjezo, ngakhale ya Sungeni. Foni yawo ya kumudzi inangokhala duu ngati mwala. Chimene a Kambalame anali nacho ndi mapepala awiri m'thumba la jekete, lililonse lolembedwa dzina la nyumba ya alendo ndi nambala ya mwana amene anaisungitsa. Anaonetsa pepala limodzi kwa wogwira ntchito pabwalopo, ndipo iye anawakweza sitima yopita ku Kyoto.

Anayamba ndi ya kusiteshoni, poti inali pafupi. Mtsikana wa pa tebulo lolandirira alendo anayang'ana m'makina ake, nawerama kawiri konse mwaulemu. M'Chingerezi chochepa anawauza kuti chipindacho chinabwezedwa masabata awiri apitawo, ndipo nyumba yonse inali yodzaza.

"Palibe kanthu," anatero a Kambalame, akumwetulira mokakamiza. "N'chifukwa chake munthu amakhala ndi malo awiri. Tiye kuphiri."

A Nambewe anangowatsatira.

Anakwera basi yodzaza, naoloka mtsinje wodutsa pakati pa mzinda, natsikira m'munsi mwa phiri. Pamenepo panayambira makwerero amiyala. A Kambalame anasenza sutikesi yolemera ndi ufa ndi mtedza wa mwana wawo. A Nambewe ankakwera masitepe khumi, n'kuima, n'kugwira khoma, n'kukweranso khumi. Mbali zonse ziwiri kunali nyumba zija zamatabwa, zakuda ndi ukalamba, zokongola monga Lonjezo ananenera. Mmisiriyo sanaziyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa mapazi a mkazi wake.

Pamwamba anapeza nkhalamba ya imvi, mwini nyumba ya alendo. Nayonso inawerenga pepala, inawerama, inapukusa mutu. M'chipindacho munali kale anthu ena. Koma poona mmene mayiyo ankapumira, inawalozera benchi la pakhomo, nichita chizindikiro chakuti akhale, iimbire foni mwana wawo.

Apa, ana anga, ndi pamene chifundo cha Mulungu chinawatsegulira khomo. Koma manyazi anawagwira a Kambalame. Anaganiza kuti Lonjezo akadzawapeza pamenepo, Sungeni adzati anasankha mwana wawo. Anaganizanso kuti mwina Sungeni wafika kale kusiteshoni ndipo akuwafunafuna.

"Tisavutitse eni ake," anatero. "Tibwerere kumunsi."

"Abambo, ine ndatopa."

"N'kotsetsereka, Nambewe. Limba mtima."

Anatsika. Mabasi onse ankadutsa odzaza, osaima, choncho anayamba kuyenda pansi kulowera ku mtsinje. Kumwamba kunada. Ali pakati pa mlatho, a Kambalame anaima.

"Koma nkhalamba ija mwina yaimbira Lonjezo. Akafika kuphiri n'kutisowa?"

Anatembenuka, nayenda mapazi angapo kubwerera. Anaimanso, nayang'ana kusiteshoni. Ndipo mvula inayamba.

Sinali mvula ya kwathu, yofunda, yobwera ndi fungo la dothi. Inali yozizira ngati madzi a m'chitsime m'mwezi wa Juni, yobwera chopingasa ndi mphepo ya mumtsinje. Pamlathopo panalibe denga, panalibe mtengo. Anthu a mumzindawo anatambasula maambulera awo nadutsa mwachangu. A Kambalame anavula jekete nafunditsa mkazi wawo, koma m'kanthawi kochepa nayo inali itanyowa. A Nambewe anakhala pa sutikesi, madzi akuyenderera m'duku mwawo, mano akugundana.

Wapolisi wina wodutsa pa njinga ndiye anawapeza. Anawatengera ku kanyumba ka apolisi kutsidya, nawapatsa mabulangete ndi tiyi wotentha, naimba manambala onse awiri a pa mapepala onyowa aja. Dzuwa lisanalowe, Lonjezo ndi Sungeni anafika, wina pambuyo pa mnzake, onse ali wefuwefu.

"Iwe, si unawatenga ndiwe?" anakuwa Lonjezo. "Ukulu wonse uja wa chikepe, lero amayi anga agona pa mlatho?"

"Usandiloze chala, dokotala wa mpunga! Amayi anandiuza kuti asankha matabwa akowo. Ukanandiimbira, pakamwa pako pakanatupa?"

"Nanga iwe foni yako inagwa m'madzi?"

"Lekani, ana inu," anatero a Kambalame ndi mawu otsika. Anaimirira, bulangete lili pamapewa. "Aliyense wa inu anandikonzera malo abwino. Ine ndinavomera onse awiri poopa kukhumudwitsa mmodzi. Wolakwa ndine. Mundikhululukire."

Ana aja anazyolika, pakuti sanamvepo mkuluyo akupepesa kwa ana.

Malo ena sanapezeke mumzinda wonsewo. Anakagona m'kachipinda ka Lonjezo ka ana a sukulu, kopapatiza ngati nkhokwe. M'mawa kutacha, thupi la a Nambewe linali moto, chifuwa chikulira. Dokotala amene anawaona analamula kuti asatuluke kunja kwa masiku asanu. Mayiwo anayesa kudzuka, navala ndi chilundu chawo chatsopano, koma miyendo inakana.

"Pitani, abambo," anatero. "Mwana asaimirire ngati wamasiye."

Sungeni anatsala akuwadwazika. A Kambalame anakakhala m'holo yaikulu pakati pa anthu achilendo, mpando wa pambali pawo uli wopanda munthu. Dzina la Lonjezo litaitanidwa, iwo anawerama nalira, ndipo oyandikana nawo anayesa kuti ndi misozi ya chimwemwe.

Atabwerera, anakhala m'mphepete mwa pogona pa mkazi wawo nayesa kusimba zonse: mmene mwana anayendera, mmene anthu anaombera m'manja. A Nambewe anamvetsera maso ali chitsinzinire. Pomaliza anafunsa:

"Dzina analitchula bwino?"

"Anayesetsa."

A Nambewe anatsegula maso. Kenako anati, "Yesaya, ndili mtsikana ndinkatola nkhuni m'phiri la kwathu. Mitambo ikada, amene ankadziwa phanga limodzi ankathamangira komweko, n'kufika wouma. Amene ankadziwa awiri ankaima pakati n'kumayeza lomwe lili pafupi. Inu munandisungira mapanga awiri, ndipo taonani, andivumbwitsa. Sindikukusungirani mangawa. Koma chimene ndinadzera sindinachione."

A Nambewe anachira, ndipo anabwerera kwawo bwinobwino. Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Koma mwambo uja suchitika kawiri.

A Kambalame sanabise nkhaniyi. Ankaisimba okha pamaso pa mpingo, pofuna kuti ena asapunthwe pa mwala womwewo, ndipo mawu a mkazi wawo anafalikira mpaka anakhala mwambi wakuti: Mapanga awiri avumbwitsa.

Tanthauzo lake ndi ili, ana anga. Munthu wofuna kugwira malo awiri nthawi imodzi amataya onse, ndipo tsoka limamupeza ali pakati. Zimatero posankha pogona paulendo, posankha ntchito, posankha banja, ngakhalenso posankha amene tidzamtumikira, pakuti Malemba amatichenjeza za munthu wa mitima iwiri. A Kambalame sanali munthu woipa. Ankangofuna kuti aliyense akondwere nawo, ndipo ankayesa kuti kumeneko ndiko chikondi. Koma "ayi" wonenedwa mwaulemu pa nthawi yake akanangopweteka mwana mmodzi kwa tsiku limodzi. Tsono mukadzaima pakati pa zabwino ziwiri, pempherani, yang'anani wofooka amene mukuyenda naye, sankhani chimodzi, ndipo mukauze winayo ndi pakamwa panu mitambo isanade.