Chilimwe cha Sungeni, Dzinja la Lonjezo

Panali mayi wina ku Ndirande amene anabereka mapasa, onse aakazi. Wina anamutcha Sungeni, wina Lonjezo.

Mukudziwa mmene timalerera mapasa. Ukagulira mmodzi diresi la maluwa, la mnzakeyo likhalenso la maluwa omwewo. Ukapatsa uyu nthochi, uyonso nthochi, ndipo zilingane kutalika. Anthu amati ukawasiyanitsa, mmodzi amanyanyala mpaka kudwala. Mayi uja anasunga mwambowu mopitirira. Nsapato zofanana, kametedwe kofanana, ngakhale kukwapula ankakwapula onse awiri, wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

Atsikanawo anakula chomwecho. Sungeni ndiye ankasankha, Lonjezo n'kungoti, "Inenso." Anayankha choncho kwa zaka khumi ndi zitatu, ndipo palibe amene anamufunsapo ngati maluwa a pa diresi lake ankawakonda.

Tsono anafika mayeso a Sitandade 8, ndipo mayeso sadziwa za mapasa. Sungeni anasankhidwira sekondale yogonera konko, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Lonjezo anasankhidwira sukulu yoyendera, yapafupi ndi kwawo. Sungeni anakanitsitsa. Anati sapita kulikonse kopanda mbale wake, malowo apatse wina. Mayi ake sanamukakamize, chifukwa nawonso mumtima ankaopa. Panatsala milungu itatu kuti sukulu zitsegulidwe, koma sutikesi inali isanagulidwe.

M'masiku omwewo anabwera malume awo ochokera ku Joni, atanyamula timakina tiwiri ta gemu, tofanana, monga mwa lamulo la mlongo wawo. Anatengera atsikanawo ku shopu ina ku Limbe kuti akasankhe gemu yoikamo.

Za mabatani musandifunse, ine zala zanga zinazolowera choko. Koma gemuyo ndinaimvetsa. Munthu amayenda m'dziko lopeka, m'tchire ndi m'mapanga, kugwira zilombo zopeka, kuzilera ndi kuzimenyanitsa. Mkati mwake muli buku la zilombo mazana awiri. Chimene wagwira chimaoneka bwinobwino m'bukumo. Chimene sunagwire chimangokhala mthunzi wakuda. Ntchito yonse ndi kudzaza bukulo.

Wogulitsa anaika timabokosi tiwiri patebulo.

"Gemu ndi imodzi, koma ili m'mitundu iwiri," anatero. "Iyi ndi Chilimwe, iyi ndi Dzinja. Nkhani ndi yomweyo, njira ndi zomwezo. Kungoti zilombo zina zimapezeka mu Chilimwe mokha, zina mu Dzinja mokha."

Sungeni sanadikire kuti amve zotsala. Anatola Chilimwe, chifukwa pachikuto panali chilombo cha nyanga zamoto, n'kupita nacho pakhomo kukachionera padzuwa. Malume anali atatsegula kale pakamwa kuti aitanitse china chomwecho. Pamenepo Lonjezo anafunsa.

"Bambo, tikatenga yofanana, bukulo lidzadzaza?"

"Ayi, mwanangu. Chosowa kwa mnzako chidzasowanso kwa iwe. Limadzaza pokhapokha wa Chilimwe ndi wa Dzinja akalumikiza makina awo n'kusinthana zilombo."

Lonjezo anayang'ana timabokosi tija kwa kanthawi. Iyenso mtima wake unali pa chilombo cha nyanga zamoto. Koma anatambasula dzanja n'kutenga Dzinja.

Kunyumba zinavuta. Mayi anayamba ndi mlongo wawo: "Achimwene, mwachokera ku Joni konseko kudzandigawira ana?" Sungeni analira ndi mkwiyo. "Sukulu yafuna kutisiyanitsa, ine ndakana chifukwa cha iwe. Nanga iwe wandikana chifukwa cha gemu?"

Lonjezo sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo iyenso zinamuwawa. Kwa masiku asanu awiriwo sanalankhulane. Sungeni ankasewera pakhonde, Lonjezo kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala.

Sungeni anali wachangu. Anagwira zilombo zambiri, buku lake n'kumadzaza. Kenaka anafika pa mthunzi wina umene sunkatheka. Anausaka m'phanga lililonse, m'udzu uliwonse, mpaka batire kutha kawiri pa tsiku. Ankadziwa kumene chilombocho chinali. Chinali kuseri kwa nyumba, mayadi khumi kuchokera pakhonde. Koma kupempha kumafuna khosi lofewa, ndipo lake linali louma.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Lonjezo anabwera yekha. Anakhala pansi pakhondepo, nalumikiza makina aja. Mthunzi wa m'buku la Sungeni unasanduka kachilombo ka mchira wa nsomba, ndipo pansi pake panalembedwa dzina la amene anakagwira: Lonjezo. Sungeni anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anasankha mwana wa chilombo cha nyanga zamoto uja, namutumiza kwa mbale wake.

"Kwakoko kuli chiyani china?" anafunsa motsitsa mawu.

Mayi awo anali kuchapa pafupi, ndipo manja awo anaima m'beseni. Chibadwire, ana awo anali asanafunsanepo funso limenelo. Akanafunsana bwanji, poti zonse zimene wina anali nazo, mnzakenso anali nazo? Tsiku limenelo anacheza mpaka dzuwa kupendeka. Uyu ankafotokoza za mathithi a kwake, uyo za chipululu cha kwake, ndipo ankalandana mawu ngati anthu amene akumana atasiyana chaka.

Anasinthana tsiku ndi tsiku. Patatsala masiku anayi kuti sukulu zitsegulidwe, m'buku la Sungeni munatsala mthunzi umodzi wokha. Chilombo chake Lonjezo anali nacho.

"Ndipatse timalize," anatero Sungeni.

"Ayi," anayankha Lonjezo. "Ichi ndidzakupatsa pa holide yoyamba, ukadzabwera ndi nkhani za kusukulu kwako. Ukakhala konkuno, udzandiuza chiyani chimene ine sindikuchidziwa?"

Sungeni anatseka kamakina kake n'kulowa m'nyumba. Kutacha anauza mayi ake kuti akagule sutikesi.

Mayi uja anapita kumsika. Wogulitsa masutikesi ankawadziwa, choncho anatsitsa awiri ofanana asanauzidwe.

"Imodzi yokha," anatero mayiwo.

Aka kanali koyamba kugula chinthu chimodzi chibadwire cha ana awo. Anaisenza pamutu akulira njira yonse, koma sanabwerere kukatenga yachiwiri.

Tsono inu a Folomu 4 amene mwakhala pamaso panga lero, mawa mubalalika. Wina apita ku koleji, wina ku ukalipentala, wina kumunda kwa bambo ake. Ena mwa inu mwayamba kale kukwiyirana, ati mnzanga wandisiya, wasankha zake. Ndakuonani, musabise nkhope. Mnzako akatenga Dzinja pamene iwe watenga Chilimwe, usafulumire kumuyesa mdani. Mwina wakusungira chimene iwe sudzachipeza m'njira yako. Ndipo amene umamukonda, usamutsekere pakhonde pako poopa kumutaya. Mulole apite, kuti pobwera adzakhale ndi choti akuuze.