Mantha a Wokumba Zitsime

Panali munthu wina wokumba zitsime, amene ankagwira ntchitoyo ndi mng'ono wake. Wina akatsikira pansi kukakumba, mnzake ankatsala pamwamba kukoka ndowa ya dothi ndi chingwe. Mmodzi akatopa ankasinthana.

Wamkuluyo anali wamantha, ndipo dera lonse linkadziwa. Zaka zonse zimene anakumba, sanalowepo m'chitsime mtima uli m'malo. Akafika pansi ankangoti zii. Ankakumba pang'ono, n'kuima, n'kugwira khoma, n'kukumbanso. Nthawi zina ankatuluka ntchito ili pakati, akuti mtima wake wakana. Zambiri mwa zitsime zimene anathawazo zilipo mpaka lero, ndipo anthu akumwa madzi ake. Choncho amene ankamuseka sankalakwa kwenikweni.

Wamng'ono nayenso anali ndi mantha poyamba, koma anawapezera mankhwala. Akangotsika ankayamba kuimba. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi, za kumowa, ngakhale za pamtondo zimene amuna saimba. Mawu ake ankatuluka m'dzenjemo ngati munthu akuyankhulira mumtsuko. Akamaimba, mantha ankachoka, ntchito n'kumayenda. Eni zitsime ankakonda iyeyo, ndipo iye ankadziwa kuti amamukonda.

Chilimwe china anaitanidwa kukakumba pamudzi wina wa m'mphepete mwa dambo. Chitsime chinazama mpaka munthu wa pansi ankaoneka ngati mwana. Dothi linayamba kunyowa. Amayi a pamudzipo anali atayamba kale kubwera ndi zidebe kudzasuzumira.

Tsiku limenelo pansi panali wamng'ono. Wamkulu akukoka ndowa, anangomva thupi lazizira, m'manja mukutuluka thukuta. Anachita mantha aakulu, koma sankadziwa chimene akuopa.

Anaitana kuti, "Mphwanga, tatuluka."

Nyimbo inaima. "Mwaona chiyani, achimwene?"

"Sindinaone kanthu."

"Nanga mwamva chiyani?"

"Sindikudziwa. Ingotuluka."

"Mukadziwa mundiuze. Ine madzi ndawayandikira," anatero wamng'ono, n'kupitiriza nyimbo pamene anailekeza.

Wamkulu anafunafuna chifukwa m'mutu mwake, osachipeza. Anasuzumira khoma, linali lowongoka bwino, lopanda mng'alu. Akanakhala pa mlandu akanagonja, pakuti umboni analibe. Koma ndowa yodzaza itafika pamwamba, anaikhuthula, n'kuimasula, n'kuiponya kutali m'tchire. Chingwe anachimanga pamtengo wopingasa pakamwa pa chitsimecho, n'kuchibwezera pansi chopanda kanthu.

Popanda ndowa ntchito sikanapitirira. Wamng'ono anapsa mtima. Anakwera chingwe chija akulalata, amayi aja akumva. Atafika pamwamba anagwira mkulu wake malaya, n'kumuuza kuti ngati ntchito yamukanika apite akadyetse mbuzi. Mawu abwino analephera kumutulutsa, koma mkwiyo unamutulutsa msanga.

Ali mkati molalata, kunamveka phokoso losakula kwenikweni, ngati thumba la chimanga lagwa pa ngolo. M'chitsimemo munatuluka mpweya wonunkha dothi. Atasuzumira anapeza kuti khoma la m'munsi lagumuka. Khasu, fosholo ndi malo onse amene wamng'ono anaima zinali zitakwiririka.

Amayi aja anatola zidebe zawo n'kubwerera pang'onopang'ono.

Wamkulu sananyade, ndipo sanakumbutse aliyense kuti iye anali atanena. Anapita pa mulu wa dothi limene anakhuthula, n'kukhala pansi, pakuti nayenso ankafuna kudziwa chimene chinamuopsa. Anatapa dothi la ndowa zomaliza, n'kulifinya m'manja. Silinagwirane. Pansi pa dongo panali patayamba mchenga, ndipo mchenga wonyowa susunga khoma. Apo anakumbukira kuti ndowa zomalizazo zinkakhuthuka mosavuta, osamatirira ngati zoyamba. Anakumbukiranso kuti nyimbo ya mng'ono wake inali itasintha kamvekedwe. Khoma lolimba limabweza mawu, lofewa limawameza. Manja ake ndi makutu ake zinali zitaona zonsezi iye asanaziganize, ndipo njira yokha imene zinamuuzira inali mantha.

Anaitana mng'ono wake n'kumuonetsa mchengawo. Wamng'ono anaufinya nayenso, n'kuusiya uthothoke pakati pa zala.

Kenako anati, "Achimwene, mundiphunzitse mantha anuwo."

Wamkulu anayankha kuti, "Uli nawo kale. Ungoleka kuimba, uwamve."

Inu amene mukuphunzira, kaya ndi ntchito ya manja kaya ya m'kalasi, mwina munauzidwa kuti munthu woganiza bwino amayamba watontholetsa mtima wake. Mtima umanamadi nthawi zina. Ndanena kale kuti zitsime zambiri zimene munthu uja anathawa sizinagwe, ndiye musaugwadire. Koma mtimawo ukakana chinthu, ukachita mantha, kapena ukakopeka popanda chifukwa chooneka, musauimbire nyimbo kuti ukhale chete. Kawirikawiri umakhala utaona kanthu kena kamene mutu sunakapatse dzina. Imani, muufunse chimene waona, kenako mupite pa mulu wa dothi mukafinye ndi manja anu. Mukapeza dongo lokhalokha, bwererani mukakumbe. Koma ngati pansi pali m'bale wanu, yambani mwamutulutsa. Chifukwacho mudzachifufuza iye ali pamwamba.