Madzi a Tsiku Lopanda Mwezi

Kalekale, ku Namadzi kunamwalira Mmwenye wina wachihindu, dzina lake Muluji. Pomwalirapo analipo mwana wake wamkazi Jasoda, analipo mkamwini, analiponso Nangondo, mayi woumba mbiya wa kuseri kwa sitolo. Ana aamuna awiri kunalibe. Anali kwawo kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo ngakhale kalata ya pepani sanalembe.

Tsono anthu amenewa masiku amawerengera mwezi. Khumi ndi asanu mwezi ukukula, khumi ndi asanu ukuchepa, ndipo tsiku lililonse lili ndi ntchito yake. La khumi ndi chimodzi amasala, mpunga osaukhudza. Mwezi ukakhala wathunthu amathokoza Mulungu. Tsiku lopanda mwezi, lomwe iwo amati Amasi, ndi la akufa.

Muluji asanatsirizike anauza mwana wake kuti, "Alongo ako kulibe, ndiye ntchito ndi yako. Amasi iliyonse undithirire madzi ndi chitowe, mpunga upatse khwangwala andibweretsere. Miyezi khumi ndi iwiri."

Jasoda anavomera. Koma kumwamba sankakudziwa. Masiku ankawaona m'kabuku kobwera ndi sitima ya pamadzi, ndipo chaka chimenecho alongo aja kabukuko sanatumize.

Anapita kwa Nangondo kukafunsa tsiku lomwe mwezi umafa. Nangondo anati zimenezo n'zosavuta. Kwawoko amadziwa kuti mwezi unafa akaona watsopano waoneka kumadzulo. Adikire basi.

Anadikira. Mwezi utaoneka, kutacha Jasoda anasamba, anathira madzi ndi chitowe, anaika mpunga pamwala. Khwangwala anabwera, anadya, anapita.

Mwezi wina, chimodzimodzi. Anasamba, anathira, anaika. Khwangwala anabwera, anadya, koma sanapite. Jasoda anamufunsa ngati bambo ake akulandira.

Khwangwala anati, "Alandira bwanji? Khomo lawo limatseguka tsiku limodzi, ndipo anatseka dzana. Iwe umabwera mwezi utabadwa kale."

"Nanga ulendo woyamba uja bwanji sunanene?"

"Unandifunsa? Mpunga unali wokoma."

Jasoda anakhala pansi. Miyezi iwiri bambo ake ali ndi ludzu. Anapempha kuti mawa lake athire mitsuko iwiri, aphike mphika wathunthu. Khwangwala anati mphikawo adya ndithu, sakana, koma tsiku lomwe lapita silimva kuitana.

Nangondo atamva, anasiya dothi lake nabwera. "Mwana wanga, ndakusokeretsa ine. Ife timayang'ana kobadwira mwezi, inu mukufuna kofera. Titembenuke."

Kuyambira pamenepo, m'mamawa uliwonse popita kukatunga madzi, awiriwo ankayang'ana kum'mawa. Mwezi unachepa, unachepa. Unakhala ngati chikwakwa. Unakhala ngati chikhadabo. M'mawa wina Nangondo anayang'ana, anayang'ananso, nati, "Kulibe. Kasambe."

Jasoda anasamba, anathira, anaika. Khwangwala anabwera, anatola mpunga osameza, nauluka nawo uli m'kamwa. Madzulo anadutsa pa denga n'kunena kuti mkulu uja wamwa, ndipo wafunsa kuti mwana wake anachedwa kuti.

Ndi momwe zinapitira mpaka chaka kutha. Dzinja litafika, mitambo n'kuphimba, Nangondo ankamanga mfundo pachingwe, tsiku mfundo, tsiku mfundo, ndipo sanaphonyenso.

Mwamva, inu? Chopereka chili ndi tsiku lake. Phala lopita kwa wodwala atachira si phala la wodwala, ndipo kulira maliro ataikidwa kale si kubwera ku maliro. Wokulandirani amangolandira, monga khwangwala uja, koma musayese kuti zafika.

Tiwerenge tsono. Miyezi inali khumi ndi iwiri. Khumi inaperekedwa. Iwiri ikadalipo mpaka lero. Umodzi Nangondo anati ndi wake, poti analoza kolakwika. Umodzi Jasoda anasenza yekha, poti anakula osakweza maso. Alongo aja ndiye musafunse, yawo yonse khumi ndi iwiri ili chikhalire.

Yanga nthano yathera pamenepa.