Chimene Adzatopa Ankakanda Pansi pa Mango

Ana inu, mukaona galu wa mutu waukulu ngati mtondo, uja amati pitibulu, mumathawa osafunsa n'komwe dzina lake. Sindikukudzudzulani, nanenso ndimathawa. Koma tamvani za mmodzi amene anali ku Balaka, kwa a Kachingwe okonza njinga.

Galuyo anali wamkazi, ndipo anamutcha Adzatopa poti anthu sankaleka kumunena. A Kachingwe anamutenga ali kamwana. Sanamulere monga amachitira ena, kumutsekera m'kakhola tsiku lonse ndi kumudyetsa tsabola kuti aluse. Iye anakulira pakhonde, pakati pa miyendo ya anthu. Anabereka kangapo mpaka imvi zinamera kukamwa, nakhala mkota weniweni.

Banjalo litasamukira ku nyumba ina ya lendi, mayi wa pakhomopo, a Nasibeko, anazolowera kuyala mkeka pansi pa mango kuti mwana wawo wamng'ono, Ndaziona, azisewerapo iwo akamachapa.

Mvula itayamba, Adzatopa anasintha. Ankakanda pansi pa mangopo uku akulira. Anthu akakwirira dzenjelo, m'mawa wafukulanso. Akayala mkeka, iye n'kuukoka ndi mano.

"Amake Ndaziona, galu wanuyu wapenga," anatero a Nagama a nyumba yoyandikana nayo, atasuzumira pampanda. "Agalu amtunduwu akakalamba amatembenukira eni ake. Mudzalira, ine ndanena."

Tsiku lina masana, Ndaziona atangokhala pamkeka, Adzatopa anamulumphira. Anamugwira diresi kumsana n'kumukwekweretsa mpaka pakhonde. Dzino linamukala paphewa, magazi n'kutuluka. Mwana anakuwa, ndipo posakhalitsa pakhomo panadzaza anthu, ena atanyamula miyala.

"Aphedwe ameneyo!"

A Kachingwe anathamanga kuchokera kuntchito. Ataona magazi a mwana wawo, mtima unawapweteka kawiri, chifukwa galuyonso ankamukonda. Anamumangirira pamzati.

"Musamugende," anatero. "Mawa ndipita naye kwa dokotala wa ziweto akamubaye jakisoni, agone osadzukanso."

"Abambo ake a Ndaziona," anatero a Nasibeko akutsuka balalo, "galu ameneyu amaphwanya fupa la ng'ombe ngati chinangwa. Akanafuna kuluma, phewali likanatsala?"

"Nanga magaziwo simukuwaona? Tidikire mpaka tiike maliro?"

Adzatopa anangogona pansi, maso ali pamango, akulirabe.

Mkwiyo umafuna pothera. A Kachingwe ananyamula chimwala chimene ankachapirapo, kuti atseke dzenje limene linabweretsa mavuto onsewa. Anachiponya ndi mphamvu pambali pa mkeka.

Nthaka inatseguka. Chimwala, mkeka ndi kachidole ka Ndaziona, zonse zinalowa pansi, ndipo patapita kanthawi kunamveka kuti phuvu! m'madzi akuya.

Chinali chitsime chakale. Amene ankakhala pamenepo poyamba anachita ulesi kuchikwirira, anangoyalapo mitengo n'kuthira dothi pamwamba. Chiswe chinadya mitengoyo, mvula n'kufewetsa dothi. Anthu ankangoona udzu wobiriwira, koma mphuno ndi makutu a galu zinadziwa kuti pansi palibe kanthu.

A Nagama anatsitsa mwala wawo pang'onopang'ono, ngati wotentha. A Kachingwe anamasula chingwe, anakhala pansi pambali pa galuyo n'kulira pamaso pa anthu onse, osachita manyazi.

Pamenepo a Nasibeko, atakumbatira mwana wawo, anati, "Galu wamkota sakandira pachabe."

Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa a Nasibeko. Sindikangana nawo, ine ndinaumva chonchi. Tanthauzo lake n'lakuti amene wakhalitsa pa dziko akamabwereza chinthu chimodzimodzi, pali chimene waona. Azakhali anu akamati njira iyo musadzere, musafulumire kunena kuti ukalamba wawasokoneza. Yambani mwafunsa chimene akukanda.

Sindikuti mukasisite galu aliyense wa mutu waukulu, ayi. Mano ndi mano, ndipo kuyambira tsiku lija a Nasibeko sanasiyenso mwana yekha ndi galu. Ndaziona anakula, chipsera chija akadali nacho paphewa. Anthu akamufunsa kuti anakuluma ndani, amayankha kuti, "Amene anandipulumutsa."