Mwendo Umodzi wa Nsanja ya pa Kandeu

Pakhonde pa Silvester Ndau, kuseri kwa msika wa pa Kandeu, sipankasowa kachewere mwezi uliwonse wa chaka. Anzake akamayang'ana kumwamba kudikira mvula, iye ankakhala akukumba. Mwayi wake udali dimba limene bambo ake adagula ndi thukuta la kumigodi ya ku Joni, dimba la kasupe amene sadaphwepo ngakhale chaka cha chilala. Mkuluyo pomwalira adasiyira ana ake awiri, Silvester ndi mlongo wake Zelesi, zinthu ziwiri zoti agawane pakati: dimbalo, ndi masheya amene adagula mu kampani ya mafoni ya Liwiro nthawi imene inkagulitsa umwini wake kwa anthu wamba.

Dimba adaligawa podzala mzere wa nsenjere pakati. Za masheya panalibe amene adazilabadira, chifukwa pofika nthawiyo Liwiro idali itamira kale m'ngongole. Nsanja yake, imene idaima pakaphiri koyang'anizana ndi msika, idali itazima, jenereta ili zii, akhwangwala akumangapo zisa. Koma Silvester sadaiwale mawu a bambo ake. Mkuluyo masese akamufika pamtima ankaloza nsanjayo ndi ndodo n'kunena kuti, "Mukuiona iyo? Mwendo umodzi ndi wanga." Aliyense ankadziwa kuti n'kucheza chabe. Silvester yekha ndiye adawasunga mawuwo ngati vesi la m'Baibulo.

Tsiku lina akusankha mbewu pakhondepo ndi mkazi wake Dailes, wailesi idalengeza kuti khoti lalola kuti Liwiro ikonzedwenso, kuti kwapezeka anthu achuma akunja ofuna kuidzutsa, ndipo eni masheya akale sadzaiwalika. Silvester adaimirira ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Mwamva, amake Tikondwe? Yadzuka!"

"Ndamva kuti simudzaiwalika," adayankha Dailes, maso ali pambewu. "Ngakhale apongozi anga sitidawaiwale, koma sabwerera."

Mawuwo adangomudutsa. Silvester adali munthu wodzidalira, wa mtundu uja woti akaganiza chinthu kamodzi, ndiye kuti chaganizidwa. Nzeru yake idali yakuti pepala likhoza kunama, wailesi ikhoza kunama, koma chitsulo sichinama. Nsanja idalipo, aliyense ankaiona. Ngati bambo ake adali ndi mwendo umodzi, iye adali ndi theka la mwendo, ndipo theka linalo lidali kwa Zelesi amene sankadziwa n'komwe mtengo wake. Mmawa mwake adalawirira kwa mlongo wakeyo.

"Nandau, ndabwera ndi nkhani yabwino. Tengani mbali yanga ya dimba, mundipatse masheya anu. Inu mumakonda khasu, ine ndatopa nalo."

Zelesi adayamba waseka, koma ataona kuti nkhope ya mchimwene wake siikusintha, mantha adamugwira.

"Achimwene, mukufuna anthu adzati ndidakuberani? Ana anu azidya chiyani?"

"Azidya za m'sitolo," adatero Silvester.

Poona kuti munthu watemetsa nkhwangwa pamwala, Zelesi adati iye sangavomere kanthu popanda amalume awo, a Maliro. Mkuluyo adabwera Loweruka, n'kuwatengera onse kudimba komweko, pamodzi ndi Kizito mwamuna wa Zelesi ndi mboni za mbali zonse ziwiri. Adamufunsa Silvester ngati waledzera, iye adati ayi. Adamufunsa ngati pali amene wamukakamiza, adati ayi. Adamufunsanso ngati mkazi wake wavomera, ndipo Silvester adati nkhani za masheya si za kukhitchini.

"Chabwino, mphwanga," adatero a Maliro. "Ine za makampani sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti malire sazula mkhalapakati. Ngati watsimikiza, zula nsenjerezi ndi manja ako, anthu onsewa akuona, kuti mawa usadzatchule dzina langa."

Silvester adavula jekete, n'kuzula mzere wonse kuchokera kukasupe mpaka kumunsi, akuimba mluzu. Zelesi ankangopukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Sabata yotsatira adapita ku Boma kukasainirana mapepala, ndipo mwendo wonse wa nsanja udakhala wa munthu mmodzi.

Kuyambira pamenepo Silvester adapeza ntchito imene palibe adamulemba. Mmawa uliwonse ankakwera kaphiri kaja ndi chikwanje. Adatchetcha udzu kuzungulira mpanda, adapitikitsa mbuzi, adagwetsa zisa za akhwangwala. Anyamata ogula zitsulo zakutha atayamba kuzungulirazungulira pamalopo, iye adagula loko wamkulu n'kukhoma pageti, kiyi n'kumangirira m'chiuno. Kunena zoona, palibe nsanja m'boma lonse la Ntcheu imene idasamalidwa ngati imeneyo. Akabaza a pamsika adamupatsa dzina loti Bwana Netiweki, ndipo iye ankavomera ndi dzanja m'mwamba, osadziwa kuti akumuseka, kapena akudziwa koma osasamala.

"Sekani lero," ankatero pogula sopo wangongole. "Ikayaka nyali yofiira pamwamba apo, mudzabwera nokha kudzandipempha ntchito."

Kunyumba zinthu zidayamba kuthina. Chimanga cha kumunda wakumtunda chidatha msanga, ndipo Dailes, mkazi amene kale ankapatsa anzake kachewere m'lichero osawerenga, adayamba kugula kamulu pamsika ngati mlendo. Manyazi ake adamufika Zelesi pamtima. Madzulo ena adabwera yekha, n'kukhala pamphasa mwaulemu.

"Achimwene, ine tulo sindikupeza. A Kizito akufuna kutenga pampu ya sola kuti tikulitse ulimi, koma ndawauza kuti adikire ndiyambe ndalankhula nanu. Bwererani kudimba. Mapepala anuwo ndibwezereni, ngakhale osandibwezera, zilibe kanthu. Tidzalenso nsenjere zija."

Munthu wina akadagwada n'kuthokoza. Silvester adaseka chikhakhali.

"Ndiye mwamva kuti msonkhano wa eni masheya wayandikira eti? A Kizito akutumani kuti mudzandinyengerere? Kawauzeni kuti mochedwa. Gulani pampu yanuyo."

Zelesi adanyamuka osatsanzika. Zidamupweteka kwambiri kuti chifundo chake chatengedwa ngati umbava, ndipo sadabwerenso ndi nkhaniyo.

Msonkhano udachitikira mu holo ya hotela ina ku Blantyre. Silvester adavala suti ya bambo ake, nakhala kutsogolo. M'holomo mudali aphunzitsi opuma, anamwino, azibusa, amayi amasiye, onse nkhope zowala ngati tsiku la ukwati. Mayi wina wa zamalamulo, amene khoti lidamuika kuyang'anira kampaniyo, adafotokoza mosapsatira. Adati kampani ikagwa, anthu amaima pamzere. Kutsogolo kumakhala mabanki amene adaikongoza, kenako amsonkho, kenako antchito amene sadalandire malipiro, ndipo eni masheya amakhala kumapeto kwenikweni, kudikira zotsala m'mbale. Adati achuma akunja aja akubweretsa ndalama zawo, choncho kampani yatsopano ikhala yawo pafupifupi yonse. Masheya akale adzaphatikizidwa, chikwi chimodzi n'kusanduka sheya imodzi yatsopano, ndipo phindu lisayembekezeredwe posachedwa.

Silvester adakweza dzanja, mtima uli m'malo, chifukwa iye ankadziwa kuti ali ndi chinthu chimene anzakewo alibe.

"Mayi, za mapepalazo ndamva. Ine ndikufunsa za nsanja ya pa Kandeu. Ndaisamala ndekha, bawuti ngakhale limodzi silidasowe. Mbali yanga pamenepo ndiitenga bwanji?"

Mayiyo sadaseke, ngakhale ena kumbuyo adalephera kudzigwira. Adamuthokoza chifukwa cha khama lake, kenako adamuuza kuti kukhala ndi masheya sikutanthauza kuti munthu ali ndi chitsulo chakutichakuti. Nsanja zonse zidali chikole kubanki kuyambira kalekale, ndipo zimene kampani yatsopano siikuzifuna zidagulitsidwa kale.

Mungaganize kuti apa munthu adagwa mphwayi. Ayi ndithu. M'minibasi pobwerera adadziuza kuti amalamulo amalankhula choncho pofuna kuopseza anthu akumudzi kuti ataye masheya awo motchipa. Potsika pa Kandeu adauza akabaza kuti zonse zayenda bwino, kwangotsala kusainirana.

Mwezi usanathe, tsiku la msika, lole yaikulu idakwera kaphiri kaja itanyamula amuna ovala zipewa zolimba ndi zingwe m'chiuno. Silvester adathamanga n'kukaima pageti, manja atatambasula.

"Palibe alowe muno! Mwini wake ndine!"

Kapitawo wa gululo adayang'ana pepala la masheya limene Silvester ankagwedeza, n'kumuonetsa lake lochokera kukhoti. Wapolisi amene adabwera nawo adamugwira paphewa mofatsa.

"Bambo, tsegulani nokha. Tikadula lokoyu, nkhani ikhala ina."

Msika wonse udasiya malonda n'kukhamukira kukaphiriko. Pamaso pa anthu onsewo, Silvester adamasula kiyi m'chiuno natsegula geti. Amuna aja adayambira pamwamba, kumasula chitsulo chimodzichimodzi, ndipo kapitawo adayamikira kuti sadaonepo nsanja yosiyidwa yokhala ndi mabawuti athunthu chonchi, ntchito yawo yapepuka. Mawu amenewo adamulasa Silvester kuposa kuseka kwa akabaza. Dzuwa likupendeka tsiku lachiwiri, pakaphiripo padangotsala masimenti ndi udzu wotchetcha bwino.

Silvester adakhala m'nyumba masiku angapo osatuluka. Kenako njala, imene siidziwa manyazi, idamutsitsira kudimba. Adapeza kachewere ali maluwa okhaokha kuchokera kukasupe mpaka kumunsi, pampu ikulira, mapaipi atadutsa pamene kale padali mbali yake. Kumunsiko mwana wamkazi wa Zelesi, amene adali atangokwatiwa kumene, ankapalira ndi mwamuna wake. Zelesi ataona mchimwene wake adaika khasu pansi.

"Nandau," adatero Silvester, chipewa chili m'manja, "ndidalakwa. Mawu aja mudandiuza madzulo aja, kodi akadalipo?"

Zelesi adagwetsa misozi, koma mawu ake sadagwedezeke.

"Achimwene, ndidabwera ndekha kunyumba kwanu, mudanditcha wakuba. Pampuyi tidatenga pangongole, chikole chake ndi mbewu ili m'nthakayi. Kumunsiko ndidapatsa mwana, akuchimuna ake akuona. Ndikawachotse ndiwauze chiyani? Kuti amalume awo asintha maganizo?"

Zelesi adalowa m'kachisakasa n'kutulutsa thumba la mbewu ya kachewere, yosankhidwa bwino, yophuka kale maso.

"Tengani iyi. Ndi mtundu womwe uja adatisiyira bambo."

Adalisenza thumbalo n'kukwera nalo kumudzi. Ali m'njira ndi pomwe adazindikira kuti mwezi ndi wa Ogasiti, mvula ili kutali, ndipo iye alibe ngakhale kachigawo kamodzi ka nthaka yonyowa koti akwirirepo mbewuyo. Atafika adalitsitsa pakhonde. Dailes adamasula, adayang'ana mbewu yokongolayo, adayang'ana ana amene adali asanadye kuyambira mmawa, kenako adatenga mpeni n'kuyamba kusenda.

Masheya aja Silvester akadali nawo, ndipo mwina tsiku lina zidzukulu zake zidzagulira mchere. Koma kasupe akutumphukabe m'dimba la eni ake, ndipo munthu amene adali ndi madzi chaka chonse lero amayang'ana kumwamba pamodzi ndi anzake. Akuluakulu adaona patali pamene adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.