Mzere Wowongoka wa a Jere

Inali sikisi koloko m'mawa, Loweruka la mu Ogasiti 1994, mphepo ikusesa fumbi pabwalo, pamene a Bizwell Jere anatulutsa njinga yawo. Anali mphunzitsi wa masamu kufupi ndi Madzimoyo, ndipo tsikulo linali la ukwati wa Vailet, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anayenera kukatenga keke ku Chipata ndi kufika kutchalitchi teni isanakwane, kuti akapereke dzanja la mwanayo. Abusa akumeneko sankadikira munthu. Ankati chitseko cha chombo cha Nowa sichinafunse kuti watsala ndani.

"Bambo a Vailet," anatero akazi awo, a Lettie, "pamiyala paja mukazungulire ngati anzanu."

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikuphunzitsa kuti njira yaifupi ndi mzere wowongoka. Ndisinthe lero chifukwa cha miyala yopaka laimu?"

"Miyalayo sinalowepo m'kalasi mwanu."

Pamiyalapo panali pamphambano, pomwe msewu wa malole a thonje unkadutsana ndi wopita kutchalitchi. Kale aliyense ankalowapo monga mtima wamuuzira, ndipo m'zaka ziwiri panafa anthu atatu, osawerengera mbuzi. Kenaka a zamisewu anaunjika dothi pakati, nalizunguliza miyala, nati imeneyi ndi raundabauti: ukafika ukhotere kumanzere, upatse mpata wochokera kumanja, uzungulire mpaka njira yako ikupeze. Maliro anathera pomwepo. Anthu anatsala ndi kutukwanana basi.

A Jere okha sanakhutire. Anapayeza ndi mapazi, napeza kuti wochokera kutauni kupita kutchalitchi amataya mayadi makumi anayi pachabe. Analemba makalata awiri. Sanayankhidwe.

Kutauni keke inachedwa. Pamene ankafika pamiyalapo, katoni ya keke atamangirira ndi mphira kumbuyo, belu loyamba linali likulira ndipo denga la tchalitchi linkaoneka. Nthawi inalipo yokwanira kuzungulira kawiri. Koma lole inali itangodutsa, fumbi lili tolo, ndipo a Jere anaona kuti palibe diso lowaona. Anakhotera kumanja.

M'fumbimo munali ngolo ya Petulo, mlimi wa mtedza. Chaka chathacho Petulo anatha mwezi wathunthu akuphunzitsa ng'ombe zake ziwiri kuzungulira miyalayo. Zitadziwa, iye anasiya kudzivutitsa, ankangogona pamatumba n'kuzisiya ziyende zokha. Ng'ombezo zinkabwera m'njira yake, mosafulumira, ndipo sizinaphunzitsidwepo za munthu wochokera kolakwika.

A Jere atadzuka pansi anayamba ayang'ana gudumu lakutsogolo. Linali litapindika ngati nambala eyiti, ndipo anaizindikira. Katoni inali pansi pa chiboda cha ng'ombe. Buluku la suti linali litatsegula zenera kumbuyo.

Petulo anasuzumira akutikita m'maso.

"Aphunzitsi! Mwachokera kuti? Uku sikuchokera munthu."

"Bwanji sunaimitse ng'ombe zakozi?"

"Ndiziimitse zalakwanji, bambo? Izitu sukulu yake zinangophunzira mwezi umodzi, koma sizinaiwale."

Bondo linakana kuponda, choncho Petulo anawakweza pamatumba pamodzi ndi njinga. Njira ya kutchalitchi ngolo inali itaipitirira kale pang'ono, ndipo a Jere anapempha kuti ingobwerera m'mbuyo. Ng'ombe zinakana. Zinazungulira mulu wonse mwaulemu, phazi ndi phazi, aphunzitsi akuwerenga mayadi chamumtima, belu lachiwiri likulira.

Msewu wotsalawo ng'ombe zinauyenda mosafulumira momwemo, ndipo anafika mpingo ukuimba nyimbo yotulukira. Dzanja la Vailet anali atapereka ndi a Jairos, mlamu wawo, munthu amene a Jere sankamubwereka ngakhale pampu ya njinga. A Jairos anawagwira chanza ndi manja awiri.

"Musadandaule, alamu, ndakugwirirani ntchito. Anthu akuti ndinayenda bwino."

Vailet anabwera atanyamula m'mphepete mwa diresi kuopa fumbi.

"Atate, mwavulala?"

"Pang'ono."

"Ndinayang'ana kukhomo mpaka abusa anatsokomola kawiri."

Pa chithunzi cha ukwati a Jere anaima kumapeto, msana atautsamiritsa kukhoma. A Lettie sananene kanthu za miyala tsiku limenelo, ngakhale mawa lake, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa bondo.

Lolemba anatengera gudumu kwa wokonza njinga, wapansi, akutsimphina. Pamphambano panalibe ngolo, panalibe lole, panalibe ngakhale galu. Anaima pang'ono, nakhotera kumanzere, nazungulira mayadi onse makumi anayi. Pobwerera analowa m'kalasi, natola choko, nauza ana atsegule mabuku pa mutu wa mizere, pakuti silabasi inali isanasinthe.

Akuluakulu ananena kale, misewu isanabwere: kuthamanga si kufika.